Mwana Wanga Anauluka pa Tsache ku Japan

1

Amene amati sukulu imachotsa umbuli sanafikeko ku Girrawheen, dera lina la mzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja kuno, Lamlungu m'mawa. Ine ndinaona ndi maso angawa mainjiniya, anamwino ndi anthu a madigiri awiriawiri akubwerera m'mbuyo, ena mpaka kugwetsa mipando, chifukwa cha kandodo ka pulasitiki kogula m'sitolo.

Dzina langa ndi Tisungeni, kwathu ndi ku Dedza. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Fremantle. Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali mkazi wa a Dunstan Msaiwale, katswiri wa zamagetsi ku migodi ya kumpoto. Ankanyamuka pa ndege, kukatha masabata awiri ku mgodi, n'kubwera kudzapuma sabata imodzi. Akangotera ankavula ovolosi n'kuvala suti, chifukwa analinso mkulu wa mpingo wathu umene umasonkhana mu holo yobwereka ku Girrawheen komweko. Ankapemphera mokuwa ngati Mulungu ndi wogontha. Kunyumba, ngakhale kapu imene amwera tiyi ankaisiya pomwepo.

Tili ndi mwana mmodzi, Yamiko, wobadwira konkuno. Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha m'Chingelezi chotulukira m'mphuno. Chaka chimenecho anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo anangosintha. Mwana woti ankalongolola ngati wailesi anayamba kudzitsekera kuchipinda. Bambo ake akabwera ku mgodi, iye ankadya atazolika. Ine ndinkati ndi kukula. Chokhacho chimene chinkamusangalatsabe ndi mabuku aja a sukulu ya matsenga amene ana onse kuno amawerenga. Nditamva kuti ku Japan kuli paki imene anamangamo mudzi wonse wa m'mabukuwo, ndinati holide ikubwerayi ndipita naye, mwina angamwetulireko.

"Ku Japan?" anafunsa a Dunstan pa foni ali ku mgodi. "Mukataniko ku Japan? Anzanu onse amapita ku Bali."

"Tikaone dziko, bambo a Yamiko. Kapena nalonso ndi tchimo?"

Anasintha nkhani mwachangu. Za pakiyo sindinawauze, chifukwa ndinkadziwa kuti ayamba ulaliki.

2

Pakiyo ndisakunamizeni, ine sinandigwire mtima. Mizere ya anthu ngati kuchipatala cha boma. Azibambo a ndevu zawo atavala mikanjo yakuda dzuwa lili phwee, akulozaloza mawindo ndi tindodo kuti zidole za m'katimo zigwedezeke. Chikagwedezeka chimodzi, onse m'manja phwaphwaphwa. Panalinso chakumwa china cha thovu chimene aliyense ankajambulitsa nacho. Nditalawa ndinamva ngati munthu wasungunula switi m'majarini. Ndinapatsa Yamiko kuti amalize.

Koma mwana wanga anali ngati wafika kwawo. Ndinamugulira mkanjo, n'kumutengera ku sitolo ya tindodo.

"Sankhapo kamodzi," ndinatero.

Anapukusa mutu, n'kutulutsa kena m'chikwama chake, kali m'kabokosi kake kokongola. Anati anamupatsa ndi mnzake. Sindinafunse zambiri. Ana akuno amapatsana zinthu zodula ngati mtedza.

Kenako tinafika pamalo ojambulira. Munthu amakwera tsache lomangirira pa chitsulo, kumbuyo kuli chinsalu chobiriwira, makina akumupemerera mphepo kumaso. Vidiyo ikatuluka umaoneka ukuuluka pamwamba pa madenga ndi mitsinje. Yamiko anakwera, tsitsi lili petupetu, n'kuseka chikhakhali chimene ndinali ndisanachimve kwa miyezi yambiri. Mtima wanga unasungunuka.

Atatsika anaima n'kumaliyang'anitsitsa tsachelo. Banja lina la achinyamata linali likukwera, mkazi kumbuyo atagwira mwamuna m'chiuno. Ndinangoona misozi ili mbwembwembwe.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe, mami," anatero, n'kupukuta ndi dzanja la mkanjo.

Masana omwewo, tili pa sitima yobwerera ku hotelo, ndinaika vidiyo ija pa sitetasi ya WhatsApp. Pansi pake ndinalemba kuti, "Kamfiti kanga kakuuluka," n'kuikapo tinkhope toseka. Zaka zokhala kunja zinali zitandiiwalitsa kuti kwathu mawu amenewa sasekera.

3

Titabwerera ku Perth, mchimwene wanga wamng'ono Melvin anandiimbira kuchokera ku Lilongwe. Ndinali pa sitima yopita kuntchito.

"Asisi, mwatani kodi? Kumudzi kwayaka moto."

"Moto wanji?"

"Vidiyo ya Yamiko ili pa foni iliyonse. Akuti amayi ndi amene anamuphunzitsa atabwera kumeneko."

Mutu unaima. Mayi anga anali atadzacheza kuno chaka cham'mbuyo mwake, ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi mdzukulu wawo. Ndi mayi wamasiye, wa pakamwa pakuthwa, amene amalima mbatata ya kachewere n'kumagulitsa zitumbuwa pa geti ya sukulu ya pulayimale. Ufiti wawo wonse ndi woti sabwereketsa khasu kawiri kwa munthu amene analibweza lothyoka. Koma mwezi umene vidiyoyo inafika, kumudziko kunali kutamwalira mwana wa pafupi nawo, ndipo anthu anali akusakasaka woti amuloze chala.

"Melvin, ndi makina aja! Ndi chinsalu chobiriwira!"

"Mukawauze ndinu zimenezo. Anthu akuona mwana ali m'mwamba pa tsache, mayi ake alemba okha kuti kamfiti. Dzulo agenda denga. Ana awaletsa kugula zitumbuwa."

"Nanga yafika bwanji? Kumudziko amene ali ndi nambala yanga ndi amayi okha, ndipo foni yawo ndi ya mabatani."

"Inabwera ndi uthenga wa mawu. Mzimayi wina wa kumeneko akupemphera, akuti analota."

Ananditumizira. Sindinafunike kumva mpaka kumapeto. Mawu onjenjemera aja, opumira pakati pa chiganizo ngati munthu wokwera phiri, anali a Leah.

Leah anali mtsogoleri wa amayi a mapemphero pa mpingo pathu. Amagulitsa zovala m'sitolo ina ku Cannington, ndipo amalota m'malo mwa mpingo wonse. Wina akagula galimoto yoposa yake, Leah amalota ngozi. Wina akamanga tsitsi labwino, Leah amalota njoka ili m'mutu. Zoti Mulungu amasankha munthu mmodzi yekha wa zikhadabo zoikirira kuti azimuuza zinsinsi za Amalawi onse a ku Perth, ine sindinazikhulupirirepo.

4

A Dunstan atabwera ku mgodi sanafike okha. Analowa ndi Leah, atanyamula kabotolo ka mafuta odzozera. Leah anakhala pa sofa yanga asanapatsidwe malo.

"A Leah, mayi anga anakulakwirani chiyani?" ndinafunsa.

"Sisita Tisu, ine ndine chotengera chabe. Ambuye akandionetsa, sindingakhale chete. Ndinaona gogo atamunyamula mwanayu pa lichero."

"Ndiye Ambuyewo anakupatsaninso manambala a anthu a kwathu ku Dedza?"

Anayang'ana pansi n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo. A Dunstan anakonza kukhosi.

"Mayi a Yamiko, musalimbane ndi wodzozedwa. Mwanayu wakhala akusintha, inunso mukudziwa. Ndipo ndikuchenjezeni: chilichonse chimene anganene masiku ano, musachikhulupirire. Si iye akulankhula. Chiwanda chimatha kunamizira ngakhale makolo."

"Mwana wanu yemwe mukumunena choncho?"

"Ndikumunena chifukwa ndimamukonda."

Anali atakonza kale zonse ndi abusa Jailos. Lamlungu Yamiko akaima kutsogolo, akaulula amene anamulowetsa, akamupempherera, ndipo vidiyo ya kumasulidwa kwake aitumiza kumudzi. Ndinawauza kuti mwana wanga si wochitira sewero. Ndinawatsegulira chitseko, Leah anatuluka akuwaza mafuta pa mphuthu.

Tsiku lotsatira Melvin anaimbanso. Anati anyamata ena anathyola zenera la amayi, ndipo amayi akukana kuchoka chifukwa mbatata yawo yatsala pang'ono kukumbidwa.

"Asisi, mawu anu kumudzi alibe ntchito. Koma abusa a kumeneko atanena pa vidiyo kuti mwanayo alibe kanthu, mwina anthu angazizire."

Ndinapita kwa abusa Jailos. Ndi munthu woyendetsa basi pakati pa sabata, wosafuna kukhumudwitsa aliyense amene amapereka chakhumi chooneka. Anandilonjeza kuti mwanayo akangopemphereredwa, iwo anena poyera kuti ndi woyera. Ndinavomera monyinyirika.

Loweruka masana ndinalowa kuchipinda kwa Yamiko. Anali atakhala pansi, kabokosi kaja kali pamiyendo.

"Mawa usakatchule agogo ako. Ngakhale akufunse kangati. Ukangowatchula, kumudzi akawapha. Wamva?"

Anandiyang'ana, maso ali psuu.

"Adadi andiuza kuti ndikanene kuti ndi agogo, m'maloto," anatero m'Chingelezi chake chija. "Akuti ndikatero zonse zitha, ndipo tikhalabe banja."

Ndinatuluka kukawafuna. Galimoto yawo panalibe, ndipo foni sanayankhe mpaka kunja kunacha. Ndinaganiza zosapita ku mpingoko. Koma popanda mawu a abusa, amayi analibe chowatchinjiriza.

5

Holo inadzaza kuposa pa Khirisimasi. Anthu oti sitinawaone chaka chonse anabwera ndi ana awo omwe, ena kuchokera kutali. Nkhani ya ufiti imadzutsa Mmalawi ngakhale atagwira shifiti ziwiri.

Ataimba mpaka thukuta, abusa anaitana Yamiko kutsogolo. Anaima yekha, kamwana kowonda kovala diresi la buluu. Amayi a mapemphero anamuzungulira, Leah patsogolo. Mnyamata wa zokuzira mawu anaimika foni kuti ajambule. A Dunstan anaima pambali pa guwa, Baibulo lili pachifuwa, nkhope ngati ya pamaliro.

"Tulutsa chida cha mdani," anatero abusa.

Yamiko anatsegula kabokosi n'kutulutsa kandodo. Apa ndi pamene mipando inagwa. Mayi wina amene amagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni anabisa nkhope ndi chikwama. Bambo wina woyeza miyala ku migodi anathawira kuseri kwa ng'oma.

"Mwana wanga, usaope," anatero abusa. "Dzina lake likatchulidwa, mphamvu yake yatha. Anakupatsa ndodo imeneyi ndani?"

Yamiko anacheukira bambo ake.

"Tchula!" anakuwa Leah. "Tchula gogoyo! Moto! Moto!"

Ine ndinali nditagwira mpando wa kutsogolo kwanga. Yamiko anatenga maikolofoni. Ndinkayembekeza Chingelezi. Koma mwana wanga analankhula Chichewa, chopotoka, chotsimphina, koma choti ngakhale agogo a kumbuyo anamva.

"Agogo anga sanandipatse chinthu. Anandipatsa ndi adadi."

"Chiwanda chimenecho!" anakuwa a Dunstan. "Ndinanena ine! Abusa, musamvere!"

"Adadi anagula ku Japan. Ku paki yomwe ija. Anapita ndi anti Leah, pamene anati ali ku mgodi."

Leah anayamba malilime mokweza, koma palibe anamutsatira.

"Ndinaona vidiyo pa foni yawo, atandipatsa kuti ndiwakonzere," anapitiriza Yamiko. "Anandipatsa ndodo kuti ndisauze amami. Titabwera ku Japan ndinawauza pa foni kuti ndatopa, ndinena. Ndiye anati ndili ndi chiwanda."

Anatulutsa foni yake m'thumba la diresi n'kuipereka kwa abusa. Anali atadzitumizira vidiyoyo tsiku lomwe anaiona, n'kukhala nayo yekha miyezi yonse ija.

Abusa anayang'ana. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Ine ndinapita n'kuwalanda foniyo m'manja.

Anali a Msaiwale enieni, mkulu wa mpingo, mkanjo wakuda utawathina pamimba, atakwera tsache lomwe lija, akuuluka pamwamba pa madenga omwe aja, mano onse pamtunda. Kumbuyo kwawo Leah, wigi ili petupetu, atawakumbatira m'chiuno, tsaya lili pamsana pawo.

Sindinalire. Ndinapereka foniyo kwa mayi amene anali pafupi nane, ndipo inayenda mzere ndi mzere ngati mbale ya chopereka. Ndinatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Bambo a Yamiko, inuyo anakuphunzitsani ndi agogo a ndani?"

Munthu amene ankagwedeza holo ndi mapemphero anangobisa nkhope kuseri kwa Baibulo. Zonse zinandionekera poyera. Nambala za kumudzi anapatsa Leah ndi iwo. Anafuna kuti mwana akadzanena zoona, aliyense adzati ndi chiwanda. Kuti mayi anga agendedwa, iwo anaona ngati ndi mtengo wabwino wogulira ulemu wawo.

Ndinagwira Yamiko padzanja. Tisanatuluke ndinaima kutsogolo kwa abusa.

"Munalonjeza. Nenani pa foni ikujambulayo kuti mwanayu ndi agogo ake alibe mlandu."

"Amayi, nkhaniyi yakula," anatero akupukuta thukuta. "Tiyenera tikhale pansi ngati akuluakulu, tipemphere kaye."

Nditacheuka, mnyamata wojambula uja anali atachotsa kale foni. Madzulo ake anandiuza kuti vidiyoyo yafufutika yokha.

6

Ya a Dunstan ndi Leah ndinaitumiza ndekha kwa Melvin kuti aifalitse kumudzi. Ndinkaganiza kuti anthu akaona bambo wamkulu ali pa tsache lomwelo, azindikira kuti ndi makina. Ndinali wopusa kachiwiri. Anati, "Mwaona? Walowetsa ndi mkamwini yemwe."

Sabata yomweyo anaotcha khitchini ya amayi. Melvin anabwereka galimoto n'kukawatenga m'mawa kutacha, anthu ataima m'mphepete mwa njira akuonerera. Mbatata ija anakumba ndi ena.

Ine ndinawalongedzera a Dunstan masuti awo m'matumba a zinyalala, n'kuwaika panja. Ku mpingo anawaimitsa kwa kanthawi. Kenako anaima kutsogolo, analira, anati Satana anawapeza pofooka, ndipo anthu anaimba nyimbo ya chigonjetso. Pano ndamva kuti abwerera pa mpando wawo. Leah anasamukira ku mpingo wina, ndipo akulotabe. Palibe ngakhale mmodzi mwa anthu amene anagwetsa mipando aja amene anabwera kudzapepesa mwana wanga. Akandiona ku sitolo amalowa mzere wina, n'kumawerenga mosamala zolemba pa paketi ya mpunga.

Inu owerenga, makamaka amene muli kunja kuno, mudzaseka nkhaniyi, ndipo sekani ndithu, chifukwa bambo wa mimba pa tsache ndi wosekesa. Ine ndinasekanso. Koma dziwani kuti tikamasewera ndi mawu oti mfiti tili m'nyumba zathu za makapeti, amene amalipira si ife. Kuno kuli apolisi, kuli malamulo oteteza ana, ndipo woipitsitsa amangosintha mpingo. Mawuwo akakwera foni n'kukatera kumudzi, amakagwera nkhalamba yogona yokha m'nyumba ya zitseko zofooka. Ndipo wina akadzakuuzani kuti musamvere mwana chifukwa ali ndi chiwanda, yambani mwafunsa chimene mwanayo akudziwa.

Mayi anga pano amakhala kwa Melvin ku Area 25, m'kachipinda ka kuseri. Munthu amene anatha zaka zambiri pakati pa ana a sukulu, akuwakalipira ndi kuwaonjezera zitumbuwa zaulere, lero akaona mwana akubwera amawolokera tsidya lina la msewu. Ana a Melvin omwe sawanyamula pakakhala alendo.

Yamiko amawaimbira Lamlungu lililonse. Akuphunzira Chichewa mwakhama kuti azicheza nawo popanda ine. Foni ikalira, amayi sayankhira panja. Amalowa m'nyumba, kutseka chitseko, kutsekanso zenera, kenako timamva mawu awo akunong'ona.

"Lankhula pang'onopang'ono, mdzukulu wanga. Anthu angamve kuti ndikucheza ndi mwana."